Kuunika zimene anthu amalemba m'tizigawo ta masamba a pa intaneti

Tsamba lililonse la pa intaneti limamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono. Pali kabokosi kosonyeza nkhani zimene zangotuluka kumene, kena kofufuzira mawu, kena kolosera za nyengo, kenanso koonetsa mitengo ya ndalama zakunja. Akatswiri a makompyuta amatitcha tizigawoti ma widget, ma block kapena ma component, malinga ndi pulogalamu imene akugwiritsa ntchito. Tina timabwera kale ndi pulogalamuyo, pamene tina katswiri amachita kupanga yekha mogwirizana ndi zofuna za mwini tsamba.

Kachigawo kotere kamakhala ndi fomu yake momwe mwini tsamba kapena wantchito wake amalembamo zosankha: mutu wa kabokosiko, chiwerengero cha nkhani zoti zizioneka, mtundu wa zilembo, ngakhalenso adiresi ya tsamba lina kumene kazikatengako nkhani. Kuunika zosankhazi ndi ntchito imene pulogalamu imagwira poona ngati zimene munthu walemba zili zoyenera, isanazisunge ndiponso isanazionetse kwa owerenga. Lamulo lake lalikulu ndi limodzi: chilichonse chochokera kunja kwa pulogalamu chisakhulupiriridwe kufikira chitapimidwa.

Pamene pagona vuto

Munthu akamawerenga kalata amasiyanitsa mosavuta nkhani yongomuuza ndi lamulo loti achite. Kompyuta ilibe nzeru zotero. Mawu amene owerenga amaona pa tsamba ndi malamulo amene amayendetsa tsambalo zimalembedwa ndi zilembo zomwezomwezo, ndipo zimayendera limodzi. Pulogalamu yotsegulira masamba, imene imatchedwa browser, monga Chrome, Firefox kapena Safari, imazindikira lamulo poona zizindikiro zina. M'chiyankhulo cha HTML, chimene masamba amalembedwera, zizindikiro za < ndi > ndizo zimatsegula ndi kutseka lamulo.

Tsono ngati wina walemba lamulo m'malo olembamo mutu wa kabokosi, pulogalamu n'kulisunga ndi kulitulutsa momwe lilili, browser ya munthu aliyense wotsegula tsambalo idzalimvera ngati lochokera kwa mwini tsamba. Lamulolo likhoza kuba chizindikiro chimene chimatsimikiza kuti munthu walowa mu akaunti yake, kumutumiza ku tsamba lachinyengo, kapena kumuonetsa fomu yabodza yopempha nambala yachinsinsi. Upandu umenewu umatchedwa cross-site scripting, mwachidule XSS. Mnzake wa upanduwu ndi SQL injection, pamene malamulo obisidwa m'mawu amakafika ku nkhokwe yosungira zinthu zonse za tsamba, n'kuilamula kuti iulule kapena ifufute zimene ikusunga.

Bungwe la OWASP, lomwe lidayamba m'chaka cha 2001 ndipo limaphunzitsa za chitetezo cha mapulogalamu a pa intaneti, lakhala likutulutsa mndandanda wa ziopsezo khumi zikuluzikulu kuyambira mu 2003. Mu mndandanda wa 2021, maupandu awiriwa adaikidwa m'gulu limodzi lomwe lidali pa nambala 3.

Si nthawi zonse pamene wolemba zolakwika amakhala ndi mtima woipa. Nthawi zambiri amakhala wantchito wotopa amene walemba 500 m'malo mwa 5, kapena wasiya malo opanda kanthu. Komabe zotsatira zake n'zoonekeratu: tsamba limalemera, limachedwa kutseguka, limadya bandulo ya owerenga, mwinanso kufa kumene.

Ntchito zitatu zosiyana

Akatswiri amagawa chitetezochi m'ntchito zitatu, ndipo iliyonse ili ndi nthawi yake.

Yoyamba ndi kuunika kwenikweniko, kumene pa Chingerezi amati validation. Apa pulogalamu imafunsa funso lofuna yankho la inde kapena ayi. Kodi ichi ndi chiwerengero? Kodi chili pakati pa 1 ndi 20? Kodi mtundu wasankhidwawu uli pa mndandanda wa mitundu yololedwa? Yankho likakhala ayi, chinthucho chimakanidwa.

Yachiwiri ndi kusefa, kapena kuti sanitization. M'malo mokana zonse, pulogalamu imachotsa zosafunika n'kusunga zotsalazo, monga momwe mayi amapetera mphale m'lichero kuti gaga auluke. Malamulo a HTML, mipata yochuluka ndi zizindikiro zosaoneka ndi maso zimachotsedwa, mawu enieniwo n'kutsala.

Yachitatu ndi kuchotsa mbola, kumene akatswiri amati escaping. Iyi imachitika pa nthawi yotulutsa mawu kuti aoneke pa tsamba. Chizindikiro chilichonse choopsa chimasinthidwa kukhala cholembedwa mwa njira ina imene browser imangoionetsa osaimvera. Mwachitsanzo, chizindikiro cha < chimalembedwa kuti &lt; ndipo wowerenga amachiona monga mwa masiku onse, koma mphamvu yake yotsegula lamulo imakhala itatha.

Ntchito ziwiri zoyambazo zimachitika polowa, yachitatuyo potuluka. Palibe imene imalowa m'malo mwa inzake. Zimene zili m'nkhokwe zikhoza kukhala kuti zidalowamo kalekale malamulo ounikira asanakhwimitsidwe, kapena zidalowera khomo lina, choncho ngakhale zochokera m'nkhokwe ya mwini wake zimayenera kuchotsedwa mbola zisanaonetsedwe. Mu June 2014, pulogalamu ya TweetDeck, yomwe inali ya kampani ya Twitter, idaonetsa uthenga wina osauchotsa mbola. Uthengawo udali ndi lamulo lodzifalitsa wokha, ndipo aliyense amene adauona kudzera m'pulogalamuyo adaugawanso mosadziwa, mpaka kampaniyo idayamba yaitseka pulogalamuyo kwa kanthawi.

Chitsanzo cha WordPress

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tione momwe imayendera mu WordPress, pulogalamu yaulere yomangira masamba imene Matt Mullenweg ndi Mike Little adayambitsa mu 2003. Lero masamba oposa 40 mwa 100 alionse a pa intaneti amayendera pulogalamuyi, kuphatikizapo a nyuzipepala, mipingo, sukulu ndi mabungwe ang'onoang'ono.

Ma widget adakhala mbali ya WordPress mu 2007, ndipo mu 2009 mudabwera chikombole chotchedwa WP_Widget chimene katswiri aliyense amaumbirapo kachigawo kake. Chikombolechi chili ndi zipinda zitatu zofunika. Chipinda cha form chimajambula fomu imene mwini tsamba amalembamo. Chipinda cha update chimalandira zimene zalembedwazo. Chipinda cha widget ndicho chimaonetsa kabokosiko kwa owerenga.

Mlonda weniweni ndi update. Chipindachi chimapatsidwa mitolo iwiri: zosankha zatsopano zimene munthu wangolemba, ndi zakale zimene zinali m'nkhokwe. Zimene chabweza ndizo zimasungidwa. Motero katswiri ali ndi njira zingapo pamene chatsopano chapezeka cholakwika: akhoza kusunga chakale, akhoza kuikapo chosankha chokhazikika, kapena kukana kusunga chilichonse. Katswiri waulesi amene amangobweza mtolo watsopano wonse osautsegula ndiye kuti wasiya chitseko chosatseka.

Tizigawo tobwera ndi WordPress timaonetsa momwe ntchitoyi imagwiridwira. Kachigawo kosonyeza nkhani zatsopano kamasefa mutu, kamasandutsa chiwerengero kukhala nambala yathunthu, ndipo ngati palibe nambala yomveka kamaonetsa nkhani 5. Kachigawo ka RSS, komwe kamatenga mitu ya nkhani ku masamba ena, kamalola nambala yoyambira 1 kulekezera 20, ndipo ikapyola pamenepo kamabwerera pa 10. Kachigawo kolembamo HTML kamayamba kafunsa kaye kuti wolembayo ndi ndani: ngati ali ndi chilolezo chapadera chotchedwa unfiltered_html, zolemba zake zimasungidwa momwe zilili, koma ngati alibe, zimadutsa m'sefa yotchedwa wp_kses_post imene imangosiya malamulo odziwika kuti ndi osavulaza.

Mu December 2018 WordPress idabweretsa njira yatsopano yomangira masamba ndi ma block, ndipo mu July 2021 njirayi idafikanso kumalo a ma widget. Apa katswiri amalemberatu m'fayilo yotchedwa block.json mtundu wa chosankha chilichonse, kaya ndi mawu, nambala, inde kapena ayi, komanso chimene chiyenera kukhalapo ngati munthu sadalembe kanthu. Izi zimachepetsa ntchito, koma udindo wochotsa mbola potulutsa umakhalabe m'manja mwa katswiriyo.

Kunja kwa WordPress mfundo yake ndi yomweyo. Ma browser a masiku ano amalola katswiri kupanga tizigawo take totchedwa custom elements. Zosankha zimene zimalembedwa pa tizigawoti mu HTML zimafika ngati mawu wamba, moti ngakhale nambala 5 imafika ngati chilembo chabe. Zili kwa katswiri kuisandutsa nambala ndi kuona ngati ikumveka.

Chilichonse ndi muyeso wake

Palibe sefa imodzi yokwanira zonse. Mtundu uliwonse wa chosankha uli ndi kapimidwe kake.

Mawu afupiafupi, monga mutu wa kabokosi, amachotsedwa malamulo onse a HTML ndi mizere yodumpha. Mu WordPress ntchitoyi imagwiridwa ndi sanitize_text_field. Ndi bwinonso kuika malire a kutalika kwake.

Nambala imafuna mafunso awiri: kodi ndi nambaladi, nanga ili m'malire? Chida cha absint chimasandutsa cholembedwa kukhala nambala yathunthu yosatsika pansi pa 0, koma sichidziwa kuti nkhani 10,000 n'zochuluka kwambiri pa kabokosi kamodzi. Malire amaika ndi katswiri.

Adiresi ya tsamba ndi yoopsa kuposa momwe imaonekera. Adiresi yabwino imayamba ndi http kapena https, koma munthu akhoza kulemba yoyamba ndi mawu akuti javascript, imene ikadinidwa imayendetsa lamulo m'malo motsegula tsamba. Zida za esc_url_raw posunga ndi esc_url poonetsa zimakana adiresi zotere.

Mtundu, kaya wofiira kaya wobiriwira, umalembedwa kawirikawiri ndi chizindikiro cha # chotsatidwa ndi zilembo kapena manambala 3 kapena 6. Chida cha sanitize_hex_color chimangolola zimenezo basi.

Mndandanda wosankhapo, monga wakuti kumanzere, pakati kapena kumanja, umanyenga akatswiri ambiri. Iwo amaganiza kuti poti munthu akungosankha pa zitatu, sangalakwitse. Koma fomu ikhoza kusinthidwa isanatumizidwe, choncho pulogalamu iyenera kuyerekeza chimene chafika ndi mndandanda wake, n'kukana chilichonse chimene palibe.

Kabokosi kochonga nako kali ndi khalidwe lake. Kakachongedwa, browser imatumiza uthenga. Kakapanda kuchongedwa, siitumiza kalikonse. Katswiri woiwala zimenezi amapeza kuti chosankha chikangoyatsidwa sichizimikanso.

Kuunika kwa mu browser ndi kwa pa seva

Kuunika kumachitika malo awiri. Koyamba ndi mu browser ya munthu amene akulemba. HTML5, imene bungwe la W3C lidaivomereza mu October 2014, ili ndi njira zosavuta zochitira izi: mawu akuti required amakakamiza kuti malo asasiyidwe opanda kanthu, min ndi max amaika malire a nambala, ndipo pattern amafotokoza maonekedwe amene cholembedwa chiyenera kukhala nawo. Ubwino wake ndi wakuti munthu amadziwa cholakwa chake nthawi yomweyo.

Koma browser ili m'manja mwa mwini wake. Aliyense wodziwako pang'ono akhoza kufufuta malamulowo pa kompyuta yake, kapena kutumiza zinthu molunjika osadzera pa fomu n'komwe. Ichi n'chifukwa chake kuunika kodalirika ndi kwa pa seva, kompyuta yaikulu imene imasunga tsambalo. Kwa mu browser n'kothandiza munthu wolakwitsa mwangozi. Kwa pa seva n'kotchinga wolakwitsa mwadala.

Seva imayeneranso kufunsa mafunso ena awiri isanayang'ane n'komwe zimene zalembedwa. Loyamba: kodi munthuyu ali ndi udindo wosintha zosankhazi? Lachiwiri: kodi pempholi lachokeradi pa fomu yathu? Pa funso lachiwirili WordPress imaika m'fomu nambala yobisika yotchedwa nonce, imene imatha mphamvu pasanathe maola 24. Nambalayi imateteza mwini tsamba kuti asapusitsidwe kudina kenakake pa tsamba lina komwe kangasinthe zosankha zake iye osadziwa.

Kulola zodziwika, osati kuletsa zoopedwa

Pali njira ziwiri zolembera malamulo ounikira. Ina ndi kulemba mndandanda wa zoletsedwa n'kulola zina zonse. Inayo ndi kulemba mndandanda wa zololedwa n'kukana zina zonse. Akatswiri a chitetezo amalimbikitsa yachiwiriyi, ndipo nkhani ya MySpace imaonetsa chifukwa chake.

MySpace lidali tsamba la mchezo lotchuka kwambiri ku America Facebook isanakule, ndipo linkalola anthu kukongoletsa masamba awo ndi HTML. Eni ake adaletsa malamulo ambiri oopsa, ndipo mawu akuti javascript ankafufutidwa paliponse pamene apezeka. Mu October 2005, mnyamata wa zaka 19, Samy Kamkar, adapeza kuti akadula mawuwo pakati n'kuwalemba m'mizere iwiri, sefa ya MySpace siyiwazindikira, pamene ma browser ena ankawalumikiza n'kuwamvera. Adabisa lamulo lake m'malo okongoletsera tsamba. Aliyense wotsegula tsamba lake ankamutumizira pempho la ubwenzi mosadziwa, tsamba lake n'kulembedwa mawu otamanda Samy, ndipo lamulolo linkadzikopera pa tsamba la munthuyo kudikira wina. M'maola pafupifupi 20 lidafikira anthu oposa 1 miliyoni, ndipo MySpace idatseka tsamba lake kwa kanthawi kuti ikonze. Kamkar adavomera mlandu m'khoti mu 2007.

Phunziro lake ndi lakuti woletsa amayenera kuganizira njira zonse zimene mdani angadzere, pamene mdani amangofuna njira imodzi yokha imene yaiwalika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: cholembedwa chooneka chosalakwa kwa sefa chikhoza kukhala lamulo lathunthu kwa browser.

Mtengo wa kulekerera umafikanso pa ndalama. Mu October 2015, akuba adalowa m'nkhokwe ya kampani ya mafoni ndi intaneti ya TalkTalk ku Britain pogwiritsa ntchito SQL injection. Adadzera pa masamba akale amene kampaniyo idatengera pogula nthambi ya kampani ya Tiscali mu 2009. Mbiri za makasitomala 156,959 zidaonedwa, ndipo mwa iwo 15,656 adaonedwanso manambala a akaunti zawo za kubanki. Chaka chotsatira, ofesi yoona za chitetezo cha mbiri za anthu m'dzikomo idalipiritsa kampaniyo chindapusa cha mapaundi 400,000. Mankhwala a upandu umenewu adali odziwika kale: kutumiza lamulo ndi mawu a munthu ku nkhokwe mosiyana, kuti nkhokweyo isasokoneze ziwirizi. Njirayi imatchedwa prepared statements.

Kukhwimitsa kopyola muyeso

Mbali inayo ya vutoli imakhudza ife olankhula Chichewa mwachindunji. Chizindikiro cha ' chimene timalemba m'mawu monga ng'ombe, m'mudzi ndi Mang'anja ndi chomwechonso chimene chiyankhulo cha SQL chimagwiritsa ntchito potsegula ndi kutseka mawu. Katswiri wamantha, m'malo moteteza nkhokwe yake m'njira yoyenera, amangoletsa chizindikirochi. Zotsatira zake n'zakuti mutu wakuti Nkhani za m'maboma umakanidwa kapena kuduka pakati, ndipo munthu amene dzina lake lili ndi ng' amauzidwa kuti dzinalo ndi lolakwika. Anthu a ku Ireland a maina onga O'Brien amakumana ndi zomwezi.

Ku England, khonsolo ya North Yorkshire idalengeza mu 2024 kuti isiya kulemba chizindikirochi pa zikwangwani zatsopano za misewu pofuna kupewa mavuto m'nkhokwe za makompyuta, ndipo anthu ambiri adadandaula kuti chiyankhulo chikugonjera makina. M'dziko lomwelo, mu 2020, ofesi yolembetsa makampani ya Companies House idakakamiza kampani ina kusintha dzina chifukwa dzinalo lidali lamulo la HTML lomwe likadatha kuyenda pa masamba osatetezedwa amene amakopera maina a makampani. Nkhani ziwirizi zikuloza malo amodzi: pamene mapulogalamu sachotsa mbola potulutsa, anthu ndiwo amakakamizidwa kusintha kalembedwe kawo.

Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'dzina la Malaŵi, nacho chimakanidwa ndi mafomu amene amangodziwa zilembo 26 za Chingerezi, ngakhale kuti chili mu Unicode, ndondomeko imene imapatsa nambala zilembo za ziyankhulo za dziko lonse. Manambala a foni ndi chimodzimodzi. Nambala ya m'manja ya ku Malawi imalembedwa ndi manambala 10 kuyambira ndi 0, kapena kuyamba ndi +265 n'kusiya 0 uja, ndipo ena amaika mipata pakati. Fomu yabwino imalandira kalembedwe konseko n'kukasandutsa kamodzi posunga. Kuunika kwabwino kumapima tanthauzo la chinthu, ndipo kumadziwa anthu amene akuchilemba.

Kumuuza munthu pamene walakwitsa

Wakutsina khutu ndi mnansi. Pulogalamu ikakana chinthu, iyenera kunena chimene chalakwika, pamalo pamene chalakwikira, ndi momwe chingakonzedwere. Uthenga wakuti lembani nambala yoyambira 1 mpaka 20 ndi wothandiza kuposa wongoti zalakwika. Zina zonse zimene munthuyo adalemba bwino zisafufutike, kuti asayambirenso pachiyambi. Kusintha mwakachetechete chimene munthu walemba kuli ndi vuto lake: amachoka akuganiza kuti zasungidwa, n'kudzadabwa mawa. Komanso uthengawo usaulule zam'kati mwa seva, monga maina a mafayilo kapena a zigawo za nkhokwe, poti zimenezo ndi mapu kwa wakuba.

Kwa eni masamba

Amene ali ndi tsamba koma sadziwa kulemba mapulogalamu ali ndi mbali yawo. Polemba ntchito katswiri, ndi bwino kumufunsa ngati zosankha zimaunikidwa pa seva komanso ngati zimachotsedwa mbola potuluka. Polandira ntchitoyo, ayese okha: alembe mawu pamalo pa nambala, nambala yaikulu mopyola muyeso, mutu wokhala ndi ng' ndi ŵ, ndiponso asiye malo ena opanda kanthu, n'kuona chimene chichitike. Wantchito aliyense apatsidwe udindo wolingana ndi ntchito yake, osati makiyi a nyumba yonse. Tizigawo ndi mapulagini osagwiritsidwa ntchito achotsedwe, ndipo otsalawo azikonzedwanso nthawi iliyonse pamene opanga ake atulutsa mtundu watsopano, chifukwa zibowo zambiri zimatsekedwa m'njira imeneyi. Masamba akale oiwalika ndiwo adagwetsa TalkTalk m'mavuto.